Mphuno siingadziwe zonse za mpunga

Pa msika wa Zingwangwa mpunga umagulidwa ndi maso ndi mphuno. Kasitomala amatapa pang'ono, kununkhiza, kufufuza timiyala, kenako n'kufunsa ngati ndi Kilombero weniweni. Koma pali zinthu ziwiri zapoizoni zomwe sizinunkha kapena kuoneka: arsenic ndi cadmium. Zimalowa mumpunga ukadali kumunda.

Vuto limayambira pamadzi. Munda wa mpunga ukakhala wodzaza madzi kwa milungu yambiri, dothi limasowa mpweya, ndipo arsenic yemwe anali womatirira m'dothimo amasungunuka. Mizu ya mpunga ili ndi tinjira tokokera mchere wotchedwa silicon, womwe umalimbitsa phesi. Arsenic amafanana nawo, choncho amadutsira momwemo mpaka kufika kunjere. N'chifukwa chake mpunga umasunga arsenic wochuluka kuposa chimanga kapena tirigu. Cadmium ndiye wa makani ena: amalowa kwambiri munda ukauma, moti kungochotsa madzi sikuthetsa nkhani.

Anthu a ku Toyama, ku Japan, anaziona. Mgodi wa Kamioka unkatayira zonyansa mumtsinje wa Jinzu, womwe alimi ankathirira mpunga. Odya mpungawo anawonongeka impso, mafupa n'kumathyoka mosavuta. Boma linavomereza mu 1968 kuti gwero la matendawa, otchedwa itai-itai, linali cadmium. Ku Bangladesh vuto ndi madzi a m'zitsime zothirira, omwe ali ndi arsenic wachilengedwe.

Bungwe la Codex, lomwe limaika malamulo a zakudya padziko lonse, limalola mamiligalamu 0.2 a arsenic woopsayo ndi 0.4 a cadmium pa kilogalamu ya mpunga woyera. Kuyeza kwake n'kwa mulabotale, monga ku Malawi Bureau of Standards. Sikelo ya pabenchi ilibe nazo ntchito.

Chomwe wamalonda angathe ndi kufunsa wopikulitsa kuti thumba lachokera kuti. Ngati ndi ku sikimu ya Hara, Wovwe kapena Bwanje, anene. Thumba lopanda kwawo, kaya lotchipa bwanji, n'lofunika kulikayikira, makamaka ngati mundawo umamwa madzi odutsa kumafakitale kapena kumigodi.

Arsenic wambiri amakhala m'gaga, kotero mpunga wopuntha bwino umakhala ndi wochepa. Amayi a malesitilanti angathenso kuphika kapu imodzi ya mpunga m'makapu 6 a madzi aukhondo n'kukhetsa otsalawo. Njirayi imachotsa pafupifupi theka la arsenic, ngakhale kafungo ka Kilombero kamachepako.