Zimene nyanja imaulula anamondwe asanafike

Nyengo ya anamondwe kum'mwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian imayamba mu Novembala n'kutha mu Epulo, koma akatswiri amayamba kuiunika kudakali miyezi ingapo. Chimene amayang'ana kwambiri ndi kutentha kwa madzi. Namondwe amabadwa pamadzi ofunda kufika madigiri 26, ndipo popeza nyanja imafunda ndi kuzizira pang'onopang'ono, mmene ilili lero imapereka chithunzi cha miyezi ikubwerayo.

Mwa njira yomweyi, madzi a kutali ku Pacific amakhudza munda wa ku Balaka. Akafunda mopitirira muyezo, zomwe zimatchedwa El Niño, mvula imachepa kum'mwera kwa Africa. Za El Niño wa 2023 zinadziwika alimi asanadzale, ndipo mu Marichi 2024 Lazarus Chakwera, Pulezidenti panthawiyo, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi.

Pa anamondwe, ulosiwu uli ndi malire. Umatha kuyerekeza ngati adzakhale ambiri kapena ochepa, ziwerengero zimene makampani a inshuwalansi ku London amazitsatira mwachidwi, koma sunena kumene adzagwere. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023 n'kukhala masiku 36. Palibe ulosi wa mu Okutobala umene ukanatchula Chilobwe, kumene matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba. Njira ya namondwe imadziwika kutatsala masiku ochepa, kuchokera ku ofesi ya Météo-France pachilumba cha La Réunion, ndipo chenjezo limafika kwa Amalawi kudzera kunthambi yoona zanyengo ku Blantyre.