Uthenga ukakanika kutuluka m'chigwa, vuto lili pati?

Munthu wa kuno ku Lupande akafuna kupita ku Lusaka pabasi, amakwera ku Mfuwe, kudutsa pa Jumbe, kukwera mtunda mpaka ku Chipata, kenako n'kulowa mumsewu wa Great East. Uthenga wa pa intaneti nawo uli ndi chipata chake chotulukira, chimene amisiri amachitchula kuti default gateway. Mlembi wa pa chipatala amene akulowetsa mayina a odwala mu SmartCare, mphunzitsi amene akulembetsa ana mayeso, kaya kalaliki wa Community Resources Board amene akutumiza lipoti, onsewa ntchito yawo imadutsa pachipata chimenechi. Chikatsekeka, ambiri timangoti "netiweki yavuta" n'kukhala pansi kudikira, nthawi zina sabata yathunthu, pamene vuto lili m'chipinda momwemo.

Kompyuta iliyonse imene ili pa netiweki imakhala ndi keyala yake, yotchedwa IP. Tinene kuti ya muofesi mwanu ndi 192.168.1.20. Pambali pake pamakhala nambala ina, subnet mask, kawirikawiri 255.255.255.0. Nambala yachiwiriyi imauza kompyuta kuti magulu atatu oyambirira, 192.168.1, ndi dzina la mudzi, ndipo 20 wakumapetoyo ndi nyumba yake. Mudzi wotere umakwana nyumba 254. Wa m'mudzi momwemo, monga pulinta ya pakona, kompyuta imangomuitana ili pabwalo, iye n'kuyankha. Wa kutali siimufikira yokha. Imapereka uthenga kwa rauta, yomwe ndiyo chipata, ndipo rautayo imaupititsa patsogolo.

Mwambo wathu umayendanso chimodzimodzi. Mlandu wa malire a munda sulumphira kwa Amfumu a Kakumbi, a Mnkhanya kapena a Nsefu. Umayambira kwa nyakwawa wa m'mudzi mwanu. Ndipo nyakwawayo ayenera kukhala wa mudzi wanu womwewo. Lamulo la makompyuta ndi lomweli: chipata chizikhala m'mudzi umodzi ndi kompyuta.

Apa ndi pamene zinthu zimasokonekera. Rauta yakale yapsa ndi chiphaliwali cha m'dzinja, ofesi yagula ina. Yakaleyo inali pa 192.168.1.1, yatsopanoyi yabwera ili pa 192.168.8.1, monga zimabwerera zambiri za Huawei. Wina wasintha nambala ya chipata pa kompyuta koma wasiya keyala ya kompyutayo pa 192.168.1.20. Tsopano kompyuta ili m'mudzi wa 1, chipata chili m'mudzi wa 8. Waya ndi wolumikizika, timagetsi tikuphethira, bando yalipiridwa, koma kompyuta ikuona chipatacho ngati mlendo wa kutsidya, ndipo kuti ifike kwa wakutsidya ikufunika chipata chomwechonso. Uthenga umangozungulira pakhomo.

Mankhwala ake apafupi ndi kulola rauta kuti igawe yokha makeyala, njira yotchedwa DHCP. Pa Windows mumasankha kuti kompyuta izilandira keyala yokha, ndipo imasamukira m'mudzi wa 8. Ngati keyala iyenera kukhala yosasintha, ilembeni kuti 192.168.8.20. Njira yachitatu ilipo, ya amisiri: pa Linux munthu amayamba wauza kompyuta kuti chipatacho, ngakhale nambala yake ndi yachilendo, chili pa waya womwewu, polemba ip route add 192.168.8.1 dev eth0, kenako ip route add default via 192.168.8.1. Koma rautayo iyeneranso kudziwa njira yobwezera yankho ku mudzi wa 1, apo ayi uthenga upita osabwerera. Ine sindilimbikitsa njira imeneyi pa ofesi yaing'ono. Mmisiri akasamutsidwa, wotsalayo sadziwa chimene chinachitika, ndipo vuto limabwerera tsiku limene makina azimitsidwa.

Zonsezi ndi za mkati mwa mpanda wanu, ndipo kampani ya foni ilibe nazo mlandu. Kuseri kwa rauta ndi kumene udindo wa ena umayambira. Uthenga umakwera pa nsanja ya Airtel, MTN kapena Zamtel, n'kutuluka m'chigwa kulowera ku Lusaka. Zambia ilibe nyanja yamchere, choncho wopita kunja amadutsa m'maiko oyandikana nafe kukalowa mu mawaya a pansi pa nyanja monga SEACOM, amene anayamba ntchito mu 2009, ndi EASSy wa mu 2010. Starlink, imene inayamba kuno mu Okutobala 2023, imakweza uthenga kumwamba ku masetilaiti m'malo mwa nsanja, komabe nayonso ili ndi rauta yake m'nyumba, ndipo lamulo la mudzi umodzi silisintha. Dziko lathu linalumikizidwa pa intaneti mu 1994 kudzera mu ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia. Zaka zonsezi zapita, koma ambirife sitinauzidwe kuti gawo lathu limathera pati.

Woyang'anira makampani a foni ndi intaneti m'dziko muno ndi ZICTA, bungwe la boma lokhazikitsidwa ndi lamulo la ICT la mu 2009. Ndilo limapereka ziphaso, kuyeza ubwino wa netiweki ndi kumva madandaulo a anthu. Dongosolo lake ndi lakuti muyambe mwadandaula ku kampani imene mumalipira, ndipo mupemphe nambala ya dandaulo lanu. Akalephera kukuthandizani, ndi pamene mumapita ku ZICTA muli ndi nambalayo m'manja. Ufulu umenewu ndi wa mlimi wa ku Msoro kapena ku Malama chimodzimodzi ndi wa bwana wa ku Kabulonga.

Musanaimbe foni, chitani izi. Lembani ipconfig pa Windows, muone ngati magulu atatu oyambirira a keyala yanu akufanana ndi a chipata. Kenako lembani ping ndi nambala ya chipatacho. Chikapanda kuyankha, yambani mwafufuza kwanu konko: waya, magetsi, manambala. Chikayankha koma intaneti n'kukhalabe zii, lembani tsiku ndi nthawi, imbirani kampani, ndipo musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo.

Inu akulu a masukulu, zipatala ndi maofesi a m'chigwa muno, lembani manambala atatuwa, keyala, subnet mask ndi chipata, pakapepala, mumate pakhoma pafupi ndi rauta, kuti wobwera pambuyo panu adzawapeze.