Chifukwa chake gauti imagonja kwa ena koma imabwererabe kwa ena

Gauti ndi mtundu wa nyamakazi umene kawirikawiri umayamba usiku, pa mfundo ya chala chachikulu cha kuphazi. Malowo amatupa, amatentha ndi kuwawa koopsa, moti ngakhale chofunda chikangokhudzapo munthu amabuula. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri ululu umazilala, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka kuti achira. Kwa mlimi, masiku amenewa akagwa m'nyengo yobzala kapena yopalira, chimatayika ndi chakudya cha banja lonse.

Gwero la matendawa ndi asidi wotchedwa uric acid, amene thupi limapanga tsiku ndi tsiku ndipo wambiri amatuluka kudzera mu impso. Asidiyu akachuluka m'magazi amaundana n'kukhala tizidutswa tosongoka ngati singano m'malo olumikizana mafupa. Ululu ukatha, tizidutswato timakhala tilipobe. N'chifukwa chake madokotala saweruza potengera ululu wokha: cholinga chawo ndi kutsitsa asidiyu kufika pansi pa 6 mg/dL, mlingo umene tizidutswato timayamba kusungunuka.

Chachikulu chimene chimasiyanitsa odwala ndi kamwedwe ka mankhwala. Allopurinol, amene amachepetsa kapangidwe ka asidiyu, amamwedwa tsiku lililonse, nthawi zambiri kwa moyo wonse, kaya ululu ulipo kapena ayi. Dokotala amayamba ndi 100 mg patsiku kapena kucheperapo, n'kumawonjezera pang'onopang'ono malinga ndi zotsatira za magazi. Wodwala amene sabwereranso kukayezetsa amakhalira pa mlingo woyambawo, umene kwa ambiri sukwanira. Komanso m'miyezi yoyamba ululu ukhoza kubwera pafupipafupi, ndipo ena amasiya mankhwala poganiza kuti akuwapweteka. Pofuna kupewa zimenezi, madokotala amaperekanso colchicine kwa miyezi 3 mpaka 6. Koma wodwala akatuluka zidzolo atayamba allopurinol, ayenera kuleka kumwa ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi matenda ena ndi mankhwala ake. Impso zofooka sizichotsa bwino asidiyu. Hydrochlorothiazide, amene ambiri amamwa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, amakweza asidiyu, monganso pyrazinamide wa chifuwa chachikulu cha TB. Mankhwala amenewa sayenera kusiyidwa mwa munthu yekha. Chofunika ndi kuonetsa dokotala buku la kuchipatala kuti aone zonse zimene wodwalayo akumwa. Ibuprofen ndi diclofenac amaziziritsa ululu koma satsitsa asidi, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amawononga impso zomwezo ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba.

Chachitatu ndi kadyedwe. Mowa wamasese ndi wam'botolo, kachasu, chiwindi, impso ndi zam'kati zina za nyama, ndiponso zakumwa zotsekemera kwambiri, zonsezi zimakweza asidiyu. Kunenepa kwambiri kumachitanso chimodzimodzi, ndipo kusowa madzi m'thupi, monga pogwira ntchito padzuwa m'mwezi wa Okutobala, kukhoza kudzutsa ululu. Komabe kusala zakudya pakokha kumatsitsa asidi pang'ono chabe, choncho sikulowa m'malo mwa mankhwala kwa munthu amene matendawa amamubwerera kawirikawiri.

Gauti imagwira amuna kwambiri, ndipo amayi imawapeza makamaka akasiya kusamba. Ikalekereredwa kwa zaka, imasiya zotupa zolimba m'zala, m'zigongono ndi m'makutu, ndipo mfundo za mafupa zimawonongeka mpaka dzanja kulephera kugwira khasu. Aliyense amene chala kapena bondo lamutupa mwadzidzidzi koposa kamodzi akuyenera kukaonana ndi achipatala ndi kufunsa za kuyeza uric acid m'magazi. Ngati kutupako kwabwera ndi kutentha thupi, asachedwe, chifukwa kungakhale matenda ena a mfundo ofunika chithandizo chamsanga. Amene anayamba kale mankhwala asaphonye tsiku lake la kiliniki, ngakhale phazi litakhala bwinobwino.