Tolani njere za msangu mbuzi zisanamalize

M'miyezi ino ya chilimwe, mukadutsa m'chigwa cha Bwanje ku Ntcheu, ku Golomoti, kapena pamsewu wochokera ku Salima kupita ku Nkhotakota, muona mitengo ikuluikulu yobiriwira itaima m'minda youma, ng'ombe ndi mbuzi zitaunjikana pansi pake. Imeneyo ndi misangu, ndipo chomwe ziwetozo zikulimbirana ndi makoko ake opiringizika, ofiirira, amene amayoyoka kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Okutobala. M'makoko amenewo muli njere. Mlimi wofuna msangu m'munda mwake atole pano, chifukwa mvula ikamagwa mudzakhala mulibe kanthu pansi.

Msangu umachita zosemphana ndi mitengo ina. Nthawi ya dzinja, chimanga chikufuna dzuwa, iwo umayoyola masamba onse n'kutsala nthambi zokha. Masambawo amawolera pomwepo n'kusanduka chakudya cha mbewu. Mvula ikatha, mbewu zitakhwima, m'pamene umaphukanso. Uli m'gulu limodzi ndi nyemba ndi nandolo, mizu yake imathandiza kuonjezera mchere wa nayitirojeni m'nthaka. Ziweto zimene zimausa pamthunzi wake zimasiyanso ndowe pomwepo. N'chifukwa chake chimanga cha pansi pa msangu waukulu chimakhala chobiriwira ndi cha zitsononkho zazikulu kusiyana ndi cha pambalambanda m'munda womwewo. Pamene thumba limodzi la fetereza la makilogalamu 50 linadutsa kale K100,000, iyi si nkhani yoinyozera.

Koma ndinene poyera, alimi anzanga: msangu si wa munthu wothamanga. Zaka zoyambirira umakula pang'onopang'ono chifukwa mphamvu zake zimapita ku mzu waukulu umene umalowa pansi kukafuna madzi. Kusintha kwenikweni pa zokolola mumayamba kukuona patatha zaka 10 kapena kuposerapo. Wofuna chonde cha msanga abzale gilisidiya, ombwe kapena nandolo, msangu uzikula pakati pawo. Komanso sumera bwino paliponse. Umakonda nthaka yakuya ya m'zigwa, m'mphepete mwa nyanja ndi mwa mitsinje. Pamalo okwera, ozizira, kapena pomwe thanthwe lili pafupi, umapinimbira. Ngati m'dera lanu mulibe msangu ndi umodzi womwe womera wokha, yesani mitengo yochepa kaye.

Tolani makoko okhwima, ouma, kuchokera pamitengo ingapo yathanzi, osati umodzi. Ndi bwino kugwedeza nthambi ndi nsungwi n'kutola amene agwa kumene, chifukwa amene akhalitsa pansi amakhala atalowedwa ndi tizilombo tonga anankafumbwe. Yanikani makokowo, muwasinje mopepuka mumtondo, kenako mupete. Njere iliyonse yokhala ndi kabowo tayani. Zotsalazo ziponyeni m'madzi: zoyandama n'zopanda pake. Zomira ziumitseni pamthunzi, muzisunge m'botolo lotseka bwino. Amene alibe msangu pafupi afunse mlangizi wa zankhalango kapena wa zaulimi. Njere za mitengo zimapezekanso ku bungwe lofufuza zankhalango la FRIM ku Zomba.

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Njere ya msangu ili ndi khungu lolimba lomwe madzi salowa. Mukaifesa choncho itha kukhala m'dothi miyezi osamera, mlimi n'kumati anamugulitsa mbewu yakufa. Kutchire, ntchito yofewetsa khunguli imagwiridwa ndi m'mimba mwa ng'ombe ndi mbuzi. Ife tiyenera kuigwira ndi manja. Tengani chowengera zikhadabo, mubudule pang'ono khungu la njere iliyonse, mpaka kaufa koyera ka m'kati kaoneke pang'ono chabe. Budulani kumbali yotalikirana ndi kamchombo komwe njereyo inalumikizana ndi khoko, popeza mzu umatulukira kumeneko. Opanda chowengera akhutize njereyo pamwala kapena pasimenti. Mukatero, viikani njerezo m'madzi ozizira usiku umodzi. Zimene zatupa m'mawa mwake fesani tsiku lomwelo. Zimene sizinatupe budulaninso. Ena amathira madzi owira amene aphulidwa kumene pamoto n'kusiya njere momwemo mpaka mawa. Njira imeneyi imathandiza pamene njere zili zambiri, koma zina zimapsa, zina sizifewa. Pa ekala imodzi mukufuna mitengo 40 yokha, ndiye kubudula njere 100 ndi ntchito ya madzulo amodzi muli chicheze pakhonde.

Nthawi yofesa muiwerenge chobwerera m'mbuyo. Mbande ya msangu isakhale pa nazale kupitirira masabata 5 kapena 6, ikachedwetsa 8. Ngati mukuyembekeza kuwokera pakati pa Disembala, fesani kumayambiriro kwa Novembala. Kufesa mu Ogasiti pamodzi ndi bulugamu kapena kesha n'kulakwitsa. Mzu wa msangu umafika pansi pa chubu kamtengo kakadali kakang'ono, ndipo ukapindika m'chubumo kapena kuboola n'kulowa m'nthaka ya pa nazale, n'kudzaduka pozula, mtengowo umakhala wopinimbira zaka zambiri. Misangu yambiri imene imaoneka ngati yakana kukula m'minda mwa anthu vuto lake linayambira pamenepa.

Choncho sankhani machubu aatali, otsegula pansi. Dzazani ndi magawo atatu a dothi lachonde, gawo limodzi la mchenga ndi limodzi la manyowa owolerana. Dothilo likakhala lotapa pansi pa msangu waukulu ndi bwino kwambiri, chifukwa limabwera ndi tizilombo tothandiza mizu kupanga nayitirojeni. Machubuwo musawaike pansi. Mangani kathandala konga koyanikapo mbale, muyalepo sefa wa waya kapena bango, muwandandalike pamenepo. Mzu ukatulukira pansi umakumana ndi mphepo n'kuuma nsonga wokha, osapindika. Fesani njere imodzi kapena ziwiri pachubu, kuya kwake sentimita imodzi kapena ziwiri, ndipo muzithirira m'mawa ndi madzulo popeza machubu a pathandala amauma msanga. Njere zobudula zimamera pasanathe sabata ndi theka.

Wokerani mvula itakhazikika, nthaka itanyowa mpaka pansi. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma msangu musaudikiritse mpaka Febuluwale. Ukufunika mvula yonse kuti mzu ukafike pachinyezi chilimwe chisanafike. Talikitsani mamita 10 kuchoka pamtengo kufika pa unzake mbali zonse. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30 kapena kuposa, mung'ambe chubu mosamala dothi lisagumuke. Bzalani pamzere womwe pali chimanga, osati m'khwawa momwe khasu limadutsa pobandira. Amene alibe machubu atha kubzala njere zobudula zitatu paphando m'munda momwemo, n'kudzapatulira kusiya imodzi. Mzu wake sumasokonezeka konse, koma udzu ndi mbewa zimaononga zambiri.

Chimene chimapha msangu m'munda nthawi zambiri si matenda. Ndi khasu la waganyu, mbuzi ndi moto. Kamtengo ka chaka chimodzi kamaoneka ngati kachitsamba ka minga wamba, ndipo wopalira amene simunamuuze amakasadza. Zikani chikhomo chachitali pa kamtengo kalikonse, mumangirepo kansanza kowala. Mukakolola, ziweto zikatayiriridwa, tchingirani ndi nthambi za minga kapena dengu lakutha lopanda pansi. Lambulani mapesi ndi udzu mita imodzi kuzungulira, anyamata osaka mbewa asanayatse moto. Nkhani ya mbuzi ndi moto munthu mmodzi saitha; ipite kwa amfumu, pakhale lamulo la mudzi. Muchite izi zaka zitatu. Ukapitirira msinkhu wa munthu, sadzani nthambi za m'munsi kuti ukule chowongoka ndiponso minga isamabaye polima.

Musanabzale, kambiranani za mwini munda. M'munda wobwereka kapena wa lendi, mwini wake atha kuona ngati mukufuna kumulanda malo. Kumadera a chikamwini abambo ena amazengereza kubzala mtengo pamalo a kwa akazi awo. Ine ndimati mundawo adzalime ndi ana anu omwe, ndiye khalani pansi ndi mayi a m'nyumba ndi eni mbumba, mugwirizane.

Yenderaninso munda wanu mosamala musanayambe kugalauza. Kumene ziweto zimadya makoko a msangu, timitengo timamera tokha m'minda ndi m'manyowa ochokera m'khola, ndipo chitsa chimene mwakhala mukudula chaka ndi chaka chili ndi mzu wozama kale, chimakula msanga kuposa mbande. Ku Niger, komwe mtengowu amautcha gao, alimi a m'madera a Maradi ndi Zinder anabwezeretsa mitengo pamahekitala pafupifupi 5 miliyoni kuyambira m'zaka za m'ma 1980, makamaka posamalira mphukira za pazitsa, njira imene analimbikitsa mlangizi wa ku Australia, Tony Rinaudo. Pachitsa chotere siyani mphukira imodzi kapena ziwiri zowongoka, zina zonse dulani.

Mitengo 40 pa ekala si yonse imene idzatsale. Ina idzafa, ina idzatsalira pakukula. Nthambi zikadzayamba kugundana, dulani yofookayo, mupeze nkhuni, mutsale ndi mitengo 10 kapena 12 yamphamvu pa ekala.