MAU A CINGELEZI OFANANA ZILEMBO: THANDIZO NDI MSAMPHA KWA ANA A SUKULU

Makolo ambiri a m'komboni ya Nabvutika mu mzinda wa Chipata, ndiponso a m'midzi yozungulira, amadabwa poona kuti mwana amene awerenga bwino kalata ya Cinyanja amacita cibwibwi akapatsidwa buku la Cingelezi. Ena amaganiza kuti mwanayo ndi waulesi. Koma bvuto lenileni lagona pa kalembedwe ka Cingelezi, kamene kasiyana kutali ndi ka Cinyanja.

Nkhani imeneyi yakula tsopano kuposa kale. Lamulo la maphunziro la mu 1966 linaika Cingelezi kukhala cilankhulo cophunzitsira kuyambira giredi yoyamba. Mu 2014 boma linasintha, ndipo ana a giredi 1 kufikira 4 m'cigawo ca Kum'mawa anayamba kuphunzira m'Cinyanja. Koma dongosolo latsopano la mu 2023, limene linayamba kugwira nchito mu 2025, labwezera Cingelezi patsogolo. Motero mwana akumana ndi mau acilendowa akali wamng'ono, ngakhale kuti kunyumba sawamva kawirikawiri.

M'Cinyanja cilembo ca "a" cimveka cimodzimodzi mu "amai", mu "nyama" ndi mu "madzi". Mwana akadziwa a, e, i, o, u ndi zilembo zinzake, angathe kuwerenga liu lililonse. Cingelezi siciri tero. Cili ndi zilembo 26 zokha, koma mamvekedwe ake ali pafupifupi 44, kotero kuti cilembo cimodzi cimasenza mamvekedwe angapo.

Njira imodzi imene aphunzitsi amagwiritsa nchito ndiyo kuika mau m'mabanja. Banja ndilo gulu la mau olingana utali amene agawana zilembo zina. Mwacitsanzo "cat", "hat", "mat" ndi "rat", ndiko kuti mphaka, cipewa, mphasa ndi khoswe, onse ali ndi zilembo zitatu, ndipo asiyana pa cilembo coyamba cokha. Mwana akagwira liu limodzi, atatu enawo sabvuta.

Banja lina limene likhudza alimi ndi la "seed", "feed", "weed" ndi "need". Loyamba ndi mbeu, laciwiri ndi cakudya ca ziweto, lacitatu ndi udzu womera m'munda, ndipo lomaliza ndi kusowa cinthu. Mau atatu oyambawo alembedwa pa matumba ndi mabotolo m'masitolo a zaulimi a m'Chipata. Mlimi amene sasiyanitsa cilembo coyambaco angathe kupopera mankhwala opha udzu m'dimba la ndiwo, nataya nchito ya miyezi ingapo tsiku limodzi. Apa mwana wodziwa kuwerenga apulumutsa banja lonse.

Komabe m'mabanja amenewa mulinso misampha. Mau akuti "five" ndi "give" ali ndi zilembo zinai, zitatu zomaliza nzofanana, koma kachulidwe kake nkosiyana. "Food" amakoka liu, pamene "good" ndi "wood" amalidula. "Cow", "now" ndi "how" amveka mofanana, koma "low" apatuka. Cozizwitsa kwambiri ndi liu lakuti "sow". Likachulidwa monga "low" litanthauza kufesa, koma likachulidwa monga "cow" litanthauza nkhumba yaikazi. Mwana akaphophonya pa mau otere, makolo asamkalipire, pakuti iye atsata lamulo labwino limene analiphunzira m'Cinyanja.

Cisokonezo cimeneci cili ndi mbiri yake. William Caxton anayambitsa makina osindikiza mabuku ku England mu 1476, pa nthawi imene kachulidwe ka Cingelezi kanali kusintha kwambiri. Mabuku anasunga kalembedwe kakale pamene pakamwa pa anthu panapitiriza kusintha. Ndico cifukwa cake mau monga "night", "light" ndi "right" ali ndi zilembo za "gh" zimene sizichulidwa lero, ngakhale kuti kale zinali kumveka. Cinyanja cinayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1800, ndipo olemba ake anatsata m'mene mau amvekera. Boma la Zambia linakhazikitsa kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri za m'dziko muno mu 1977.

Eni ake a Cingelezi nawonso amasewera ndi mau otere. Mu 2021 Josh Wardle anatulutsa masewera ochedwa Wordle, m'mene munthu ayesa kupeza liu la zilembo zisanu, napatsidwa mwai kasanu ndi kamodzi. Pa kuyesa kulikonse amauzidwa zilembo zimene walasa. Masewerawa anafalikira dziko lonse kupyolera m'mafoni, koma ana a ku Nabvutika angathe kucita zofanana popanda foni. Mmodzi abisa liu mu mtima, anzake nalemba pansi ndi kamtengo kapena khala kufikira atalipeza.

Makolo, ngakhale amene sanapite kusukulu, ali ndi mbali yao. Madzulo angapemphe mwana kulemba banja limodzi la mau anai, kuwawerenga mokweza, ndi kunena tanthauzo la liu lililonse m'Cinyanja. Kunena tanthauzo nkofunika, cifukwa ana ena amaloweza mau osadziwa cimene anena. Liu limene mwana akayika nalo alilembe pambali, m'mawa mwake akafunse aphunzitsi kachulidwe kake.

Banja limodzi pa tsiku lipatsa mwana mau 20 pa masiku asanu a sukulu. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Mayeso a boma, makalata a kucipatala ndi malangizo a mankhwala a mbeu, zambiri mwa izi zilembedwa m'Cingelezi, ndipo mwana amene wazolowera kuyang'anitsitsa cilembo ciliconse akali m'makalasi oyamba adzaziwerenga mosabvuta.