Chipata cha Fort Lister ndi Chipata cha m'Chigaza

Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Mchese, m'boma la Phalombe, pali mpata umene Angerezi anamangapo linga m'chaka cha 1893, nalitcha Fort Lister. Anasankha malowo chifukwa amalonda a ukapolo ankadzera pomwepo popita kugombe la nyanja yamchere. Wogwira mpatawo ndiye anali atagwira njira.

Thupi la munthu lili ndi mpata wotere. Pansi pa chigaza, pamene mutu ukumana ndi khosi, pali chibowo chimene tsinde la ubongo limatulukira kuloŵa m'fupa la msana.

Chicheŵa chimatcha njira ziŵiri zosiyana ndi dzina limodzi, mitsempha. Ina ndi ya uthenga: munthu akaponda munga, mbiri imakwera msana kukafika ku ubongo asanaphethire, pakuti m'mitsempha yaliŵiro kwambiri uthenga umatha mamita oposa 100 pa sekondi imodzi. Ina ndi ya magazi, ndipo ikuluikulu inayi imakwera m'khosi. Ubongo ndi magawo aŵiri okha mwa magawo 100 a kulemera kwa thupi, koma umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya wa okosijeni umene thupi limagwiritsa ntchito, ndipo ulibe nkhokwe yosungira. Magazi akaima, munthu amakomoka pa masekondi oŵerengeka.

M'chigwa cha Phalombe, kumene udzudzu umachuluka m'dzinja, nkhaniyi imakhudza ana. Tizilombo ta malungo tikaloŵa m'maselo ofiira a magazi, maselowo amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo. Mwana amayamba kuphupha, maso natembenuzika, kenaka sayankhanso ngakhale amayi ake amuitane ndi dzina.

Kwa zaka zambiri madokotala sankadziŵa chenicheni chimene chimapha ana otere. Pa chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza m'chaka cha 1986, ndipo mu 1989 anafalitsa muyeso woonera kukula kwa chikomokere, wotchedwa Blantyre Coma Score. Yankho lomveka linadza mu 2015, atajambula mitu ya ana 168 ndi makina a MRI. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Chigaza sichitanuka monga thumba. Ubongo ukatupa umasoŵa koloŵera, choncho umakanikizira pansi, pa mpata uja, nupanikiza tsinde limene limatumiza lamulo lakuti chifuwa chikoke mpweya. Lamulolo likaleka kufika, mwana amasiya kupuma mtima ukugundabe.

Chopatsa chiyembekezo n'chakuti mwa ana amene anachira, kutupako kunaphwa patapita masiku, ngakhale ena amatsala ndi khunyu, kufooka kwa ziŵalo kapena vuto la kulankhula. Mankhwala a artesunate, obaya m'mitsempha ya magazi, amapha tizilomboto msanga, koma sangagwire ntchito mwa mwana amene sanafike nawo pafupi. Banja limene likuyamba laombeza ula, kufunsa amene wamuchita chipongwe mwanayo, likutaya maola amene ubongo ukutupa. Kuchokera m'midzi ya m'munsi mwa Mchese kukafika ku chipatala cha Holy Family ndi mtunda ndithu, makamaka mitsinje ikasefukira, ndipo ulendowo uyenera kuyambika pa kuphupha koyamba, ngakhale kutakhala pakati pa usiku.