Nsomba Ikadwala M'damu, Kumbukirani Chitopa

Pakhomo pano palibe amene sadziwa chitopa. Nkhuku imodzi imayamba kuodzera, mapiko atagwa, khosi litapindika, ndipo sabata isanathe khola lonse lili zii. Chitopa chinatiphunzitsa ndi misozi kuti nkhuku yodwala siigona ndi zinzake, yogula pamsika siilowa m'khola tsiku lomwelo, ndipo yakufa siitayidwa kudzala kumene galu akaikokere kwa aneba. Nzeru zomwezi ndi zimene zimafunika kudamu la nsomba, kungoti kumadzi kuli zovuta zina zimene kukhola kulibe.

Tiyambe taona mmene amachitira anthu oweta nsomba m'galasi. Mwina munaonapo mu ofesi kapena mu hotela ku Lilongwe bokosi lagalasi lodzaza madzi, muli tinsomba tamitundumitundu tongokongoletsa nyumba. Mwa tinsomba totere muli kena kotchedwa betta, kochokera ku Thailand, kosaposa chala kutalika. Kakamuna kake kali ndi zipsepse zazitali, zofiira kapena zabuluu, ndipo tiwiri tikakumana timamenyana ngati atambala. Kamafuna madzi ofunda, a madigiri 25 mpaka 27, ndipo monga mlamba wathu, kamatha kukwera pamwamba n'kumeza mpweya. Akakaika pamodzi ndi nsomba zina, zinzakezo zimakonda kukaluma zipsepse zija, ndipo polumidwapo pamayamba kuola. Mwini wake akaona choncho amakavuula ndi kaukonde n'kukaika m'galasi lake lokha, lamadzi ofunda ndi oyera, n'kumasintha gawo la madziwo pafupipafupi. Kaukonde kaja sikabwereranso kugalasi lalikulu kasanatsukidwe ndi kuumitsidwa. Akatero amabwerera kugalasi lalikulu kukafufuza madzi, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala litayambira m'menemo.

Munthu ameneyu ali ndi mwayi woti nsomba iliyonse amaiona ndi maso tsiku lililonse. Inu muli ndi damu kudambo, tinene la mamita 10 m'lifupi ndi 20 m'litali, muli makumba kapena chilunguni 600 m'madzi obiriwira. Mumangoziona pothira madeya. Pamene mukuona imodzi ikuyandama mofooka m'mphepete, imeneyo yadwala kale masiku angapo, ndipo zinzake zimene simukuziona zasambira nayo limodzi masiku onsewo.

Apa ndi pamene damu lasiyanirana ndi khola. Nkhuku ili ndi mpweya wake, chomwera chake, ndi pansi pogwera zitosi zimene mungasese. Nsomba zonsezi imazipeza m'chinthu chimodzi. Imapuma m'madzi, imadya m'madzi, imachita chimbudzi m'madzi momwemo. Mukapatula nkhuku yodwala mwachitapo zambiri ndithu. Mukavuula nsomba yodwala mwangoyamba chabe, chifukwa chimene chaidwalitsa chatsala m'madzi.

Ife a ku Mchinji izi sitichita kumva kwa ena. M'nyengo yozizira ya 2020 anthu anayamba kuona nsomba za zilonda zofiira mumtsinje wa Bua ndi m'madamu oyandikira. Zina zinali ndi mabala akuya mpaka mnofu kuonekera, zina zinkangoyandama zitafa. Akatswiri atayeza anapeza kuti ndi nthenda yotchedwa Epizootic Ulcerative Syndrome, mwachidule EUS, ndipo kanali koyamba kuti itsimikizike m'Malawi muno. Boma linaletsa kupha nsomba m'madzi okhudzidwa, kunyamula kapena kugulitsa nsomba zochokera kumeneko, zamoyo ndi zakufa zomwe, komanso kupatutsira madzi a mitsinje yokhudzidwa m'madamu. Ngakhale zinali choncho, nthendayi inafikabe m'maboma ena. Siinayambire kuno ayi. Inaoneka koyamba ku Japan mu 1971, kenako ku Australia, n'kusakaza nsomba m'maiko ambiri a ku Asia. Mu Africa inatulukira cha mu 2006 ndi 2007 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, kumene Botswana, Namibia ndi Zambia zimakumana. Ife ndiye tili pamalire penipeni ndi Zambia, ndipo madzi ndi amalonda sadziwa chipata cha Mwami.

Chimene chimayambitsa zilondazi ndi kachuku ka m'madzi kotchedwa Aphanomyces invadans. Kamabala timbewu tosaoneka ndi maso timene timasambira m'madzi kufunafuna nsomba. Khungu la nsomba yathanzi lili ndi mamba komanso kuterera kuja kumene kumaipulumutsa m'manja mwathu, ndipo zimenezi ndi chitetezo chake. Timbewu tija timalowa mosavuta pamene khungu lakalika, kaya ndi ukonde, kaya ndi tizilombo toluma, kaya ndi madzi owawasa amene amaliwononga. Tikalowa timamera timizu tolowerera mpaka mumnofu. Poyamba pamaoneka kadontho kofiira. Kenako mamba amathothoka, pamatseguka chilonda, ndipo mabakiteriya a m'madzi amalowererapo n'kumaliza ntchito. Milamba ndi matemba zimagwidwa kwambiri, choncho musamati poti mlamba ndi nsomba yolimba, yotha kukhala m'matope, ndiye kuti siingadwale.

Chitopa chili ndi nyengo yake, nthendayinso ili ndi yake. Imakonda madzi akazizira, monga zimakhalira kuno mu Juni ndi Julaye, komanso pambuyo pa mvula yamphamvu. Nsomba ilibe kutentha kwakekwake m'thupi monga nkhuku. Madzi akazizira nayonso imazizira, imadya pang'ono, ndipo mphamvu yake yolimbana ndi matenda imatsika. N'chifukwa chake kukoka khoka m'damu m'mwezi wa Juni, kungofuna kuona mmene zakulira, n'kuziputa dala. Mumazikala khungu pa nthawi imene sizingathe kudziteteza.

Wina afunsa kuti nanga katemera? Nkhuku timazidontheza I-2 m'diso ndipo zimapulumuka. Nsomba zilibe katemera wa nthendayi, ndipo palibe mankhwala amene mungathire mumtsinje kuti ithe. Amene angakuuzeni kuti sungunulani makapisozi a anthu m'damu akungokutayitsani ndalama, chifukwa makapisoziwo sapha chuku, ndipo madzi amenewo mawa akamwa ng'ombe ndi ana kumunsi. Chimene chili m'manja mwanu ndi kusamala madzi ndi kulondera chilichonse cholowa kapena kutuluka m'damu.

Komatu si nsomba iliyonse yofooka imene ili ndi EUS, monganso si nkhuku iliyonse yoodzera imene ili ndi chitopa. Lawirirani kudamu mbandakucha. Mukapeza nsomba zambiri zili pamwamba, kukamwa kuli yasa, koma dzuwa likakwera n'kubwerera pansi, vuto ndi kuchepa kwa mpweya. Tizomera timene timabiriwitsa madzi timatulutsa mpweya masana, koma usiku timaugwiritsanso ntchito, pamodzi ndi manyowa ndi madeya otsala amene akuola pansi. Pisani mkono m'madzi. Ngati chikhatho chazimiririka madzi asanafike pachigongono, manyowa achuluka. Lekani kuthira manyowa, chepetsani madeya, lowetsani madzi atsopano ngati gwero lake ndi kasupe kapena chitsime chodalirika. Zimenezi zokha zimachiritsa mavuto ambiri a m'damu popanda kugula kanthu.

Koma mukaona madontho ofiira kapena zilonda, musazengereze. Vuulani yodwalayo ndi zakufa zonse, mukwirire m'dzenje lakuya kutali ndi madzi kapena muzitenthe. Mukazisiya pamtunda, mbalame, ng'azi ndi agalu azikokera kumene simukufuna. Tsekani polowera ndi potulukira madzi. Kenako dziwitsani alangizi a za nsomba ku ofesi ya boma ku Mchinji, chifukwa zilonda zimatha kubwera ndi zinthu zinanso, ndipo chotsimikizira ndi kuyeza basi. Ngati muli ndi foni yojambula, ijambuleni nsombayo isanayambe kuola. Alangizi ndiwo angakuuzeni mlingo wa laimu kapena mchere woyenera damu lanu. Laimu amachepetsa kuwawasa kwa madzi, ndipo kachuku kaja sikachita bwino m'madzi a mchere. Zonsezi zimangochepetsa imfa, sizichotsa nthenda, ndipo mukathira mongoganizira mutha kupha ndi zamoyo zomwe.

Pali chinthu china chimene ambirife timachita chitopa chikalowa m'mudzi, ngakhale sitikonda kuchinena. Timamanga nkhuku zotsala panjinga n'kuthamangira nazo kumsika zisanafe. Ndi mmene chitopa chimayendera kuchoka mudzi uno kupita mudzi wina. Ndi nsomba mayesero ake ndi omwewo, ndipo alipo awiri. Oyamba ndi kukokolola zonse usiku n'kukagulitsa kwa Kamwendo kapena ku boma. Achiwiri ndi kutsegula damu kuti madzi oipawo apite, mulowetse ena. Achiwiriwa ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa amaoneka ngati ukhondo. Madzi otuluka m'damu lanu amatsikira kudambo, amalowa m'damu la mnzanu kumunsi, amagwera mumtsinje. Mitsinje ya kuno imathira mu Bua, ndipo Bua amadutsa m'malire a Kasungu, n'kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota kumene mpasa zimakwera kukaswana, mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi. Ine ndimaona kuti munthu wotsegula damu lodwala walakwa kuposa wogulitsa nkhuku ya chitopa, pakuti nkhuku imathera pakhomo la wogula mmodzi, pamene madzi sungawaitanenso.

Za mbewu yatsopano ya nsomba, chitani monga muchitira ndi nkhuku ya pamsika. Mbewu yotola mumtsinje kapena yopempha kwa mnansi ndi yotchipa, koma simudziwa chimene yanyamula, ndipo nsomba imatha kukhala ndi nthenda isanaonetse chilonda. Gulani kumalo odziwika oswetsera nsomba, monga ku Domasi ku Zomba, ku Bunda, kapena kwa alimi amene alangizi akuwadziwa. Ikafika, isungeni payokha kwa masabata awiri kapena kuposerapo, mukuiyang'anitsitsa. Payokha ndiye kuti m'kadamu kena kamene madzi ake sakumana ndi a damu lalikulu. Kuiika m'kaukonde kozikidwa m'damu lomwelo si kupatula ayi, chifukwa madzi akudutsa m'maso a ukondewo usana ndi usiku.

Khoka nalo limayenda kwambiri. Pagulu la alimi nthawi zambiri limakhala limodzi, lero kwa uyu mawa kwa uyo, likadali lonyowa, matope ndi mamba zili mbuu. Kubwerekana n'kwabwino, koma gwirizanani kuti lisanapite kudamu lina litsukidwe, liviikidwe m'madzi a klorini ngati alipo, ndipo liyanikidwe padzuwa mpaka liume gwaa. Chimodzimodzi ndowa, mabeseni ndi nsapato zajombo. Ana amene amawedza kumtsinje asamatsukire mbedza ndi nsomba zawo m'damu pobwerera kunyumba.

Funso limene amayi afunse ndi lakuti, kodi yotereyi tingadye? Kachukuka sikadziwika kuti kamadwalitsa anthu. Koma chilonda chotseguka chimasunga mabakiteriya ena amene angakutsegulitseni m'mimba, ndipo nsomba yofa yokha simudziwa kuti yafa liti. Ya zilonda musadye, musagulitse, musayanike kuti mubise mabala, ndipo musapatse nkhumba kapena agalu.

Nthenda ikadutsa, damu limafuna kupuma. Madzi ake muwasiye aphwe okha kapena muwatsogolere kudimba kumene alowe m'nthaka osafika kumtsinje. Pansi pake paume mpaka matope ang'ambike ming'alu, muwazepo laimu monga alangizi akuuzirani, ndipo mudikire kuti nyengo ifunde musanaikemo mbewu ina. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likuswa mtengo, ndi imene imaumitsa damu msanga.